DOKO LA SEATTLE NDI ENI ACE

Tsegulani mapu anu a dziko lonse lapansi, nimupeze dziko la United States of America. Yendetsani cala canu kunka kumadzulo kufikira mutafika pa nyanja yaikulu ya Pacific, ndipo mukwere naco kumpoto, pafupi ndi malire a Canada. Pamenepo mudzaona kuti nyanja yalowa m'kati mwa mtunda monga mkono wautali wopindika. Mkono umenewo uchedwa Puget Sound, ndipo m'mbali mwace muli mzinda wa Seattle, m'cigawo ca Washington.

Ife a m'Zambia tiribe gombe la nyanja ya mcere. Ena mwa inu munaona zombo pa Mpulungu, ena munaona mabwato a asodzi a kapenta pa Kariba, koma ambiri simunaonepo madzi opanda tsidya. Ngakhale ziri tero, nkhani ya madoko itikhudza, pakuti mkuwa wathu sungaoloke nyanja usanapyole pa doko la anthu ena, monga la Dar es Salaam kapena la Beira. Doko liri ngati khomo la nyumba. Iye amene agwira citseko akhoza kuthandiza okhala m'nyumbamo, akhozanso kuwasautsa. Tiyeni tione cimene anthu a Seattle anacita ndi khomo lao.

Gombe ndi anthu ace oyamba

Kale Azungu asanafike, m'magombe amenewa munali midzi ya anthu a mtundu wa Duwamish ndi a Suquamish. Iwo anali amisiri osema mabwato m'mitengo yaikulu ya mkungudza. Cakudya cao cacikulu cinali nsomba yochedwa salmon, imene ibadwira mumtsinje, nikulira m'nyanja ya mcere, nibwereranso kumtsinje komwe inabadwira kukaikira mazira. Azungu oyamba kumanga pamenepa anakoceza m'caka ca 1851, ndipo mudzi wao anaucha dzina la mfumu ya eni dziko, Seattle, amene anawalandira bwino. Ulemu umenewu sunapindulire anthu a mfumuyo kanthu. Mu 1855 mafumu anaika zizindikiro zao pa pangano lopereka dziko ku boma la America, ndipo mu 1865 akulu a mudzi watsopanowo anaika lamulo loletsa eni dziko kukhala m'kati mwa mudziwo. Muwasunge m'mutu anthu awa, pakuti tidzakomana naonso.

Cimene cinakopa Azunguwo ndi mitengo ndi madzi akuya. Mu 1853 Henry Yesler anaimika makina ocekera matabwa m'mphepete mwa madzi, ndipo zombo zinayamba kutenga matabwawo kunka nao ku San Francisco. Malowo anali oyenera zombo ndithu. Mafunde aukali a Pacific safikapo, cifukwa nyanja yeniyeniyo iri kutali makilomita oposa 200, ndipo madzi ace saundana ngakhale m'nyengo yozizira.

Koma nyanja ya mcere iri ndi khalidwe limene nyanja zathu ziribe. Kawiri pa tsiku madzi ace adzala nakwera kumtunda, kawirinso aphwa nabwerera, cifukwa ca mphamvu ya mwezi imene iwakoka. Pa Seattle kusiyana kwa madzi odzala ndi madzi akuphwa kufika mamita 3 ndi kupitirirapo. Tsono combo cacikulu sicingakoceze pa mcenga monga bwato la msodzi, pakuti madzi ataphwa cikadatsala m'matope. Pafunika milatho yolimba yolowa m'madzi akuya, yoimikidwa pa nsanamira, kuti combo ciime m'mbali mwace ndi kutsitsa katundu. Milatho yotere idya ndalama zambiri, ndipo masiku amenewo okhala nazo ndalama zotero anali makampani a njanji.

Njanji zitseka khomo

Anthu a Seattle analakalaka njanji monga mlimi alakalaka mvula yoyamba. Mu 1873 kampani ya Northern Pacific inasankha kuti njanji yace ikathere ku Tacoma, mzinda wina wa pa Puget Sound cakummwera, ndipo a Seattle anapsa mtima kwambiri. Pofuna kukopa makampani ena, akulu a mzinda anayamba kuwapatsa malo a m'mphepete mwa madzi. Nzeruyo inagwira. Mu 1893 njanji ya Great Northern inafika, ndipo mu 1897 panamveka mbiri ya golidi wa ku Klondike, kumpoto kutali, kotero kuti amuna zikwizikwi anadzera pa Seattle kukakwera zombo. Mu 1890 mumzindamo munali anthu ngati 43,000, koma pofika 1910 anapitirira 237,000.

Pamenepo anthu anazindikira cimene anataya. Pakati pa mzinda ndi madzi panali njanji zambiri zondandalikana, zoyalidwa pa matabwa pamwamba pa matope. Matabwawo anaola, makoswe anaswana pansi pace, ndipo munthu wofuna kukwera combo anayenera kudumpha njanji zonsezo pakati pa masitima oyenda. Milatho yambiri yokocezapo zombo inali m'manja mwa makampaniwo, ndipo iwo ndiwo analamula mtengo wotsitsira katundu ndi wosungira katundu. Mwini njanji afuna kuti katundu ayende pa njanji yace; alibe cifukwa comangira malo abwino munthu wina wopikisana naye. Mlimi wa tirigu analipira mtengo umene anauzidwa, ndipo msodzi wa bwato laling'ono anasowa pomangirira bwato lace, nangothamangitsidwa uku ndi uku.

Taganizani mutakhala ndi malo amodzi okha otungapo madzi pa mtsinje wa kwanu, ndipo munthu wina amangapo mpanda, nayamba kulipiritsa mkazi aliyense wodza ndi mtsuko. Madziwo si ace, koma njira yofikira kumadziko ndi yace. Umo ndimo munaliri pa Seattle.

Masankho a 1911

Mu March 1911 nyumba ya malamulo ya Washington inapanga lamulo lolola anthu a cigawo ciriconse kukhazikitsa bungwe lao la doko. Bungwe lotere linapatsidwa mphamvu zitatu zazikulu: kugula malo a m'gombe ngakhale mwini malowo safuna, malinga alipidwe mtengo woyenera, kukongola ndalama zomangira, ndi kukhometsa msonkho waung'ono pa nyumba ndi malo a m'cigawoco. Pa 5 September 1911 anthu a King County, cigawo cimene muli Seattle, anaponya mavoti nabvomereza. Akazi naonso anaponya nao, pakuti anali atalandira ufulu umenewu m'Washington caka capitaco. Motero linabadwa bungwe la Port of Seattle.

Tsiku lomwelo anasankha amuna atatu oti aliyendetse, ndipo anali anthu osiyana zedi. Hiram Chittenden anali injiniya wa asilikali wopuma pa nchito, amene kale anamanga miseu m'nkhalango yochuka ya Yellowstone. Charles Remsberg anali mwini banki. Robert Bridges anabadwira ku Scotland, nagwira nchito m'migodi ya malasha kuyambira ubwana wace, ndipo sanali kukhulupirira makampani akulu ngakhale pang'ono. Atatuwa anakangana kawirikawiri. Mkangano waukulu unabuka pamene anthu ena a cuma anafuna kuti bungwe limange malo akulu okocezapo zombo ndi ndalama za anthu, ndipo litatha kumanga liwabwereke kwa kampani imodzi. Manyuzipepala ena anayamikira nzeruyo, koma Bridges anaikana kolimba, poona kuti kutero ndiko kubweza khomo m'manja momwe linacokera. Mu 1913 nzeruyo inafa, ndipo bungwe linamanga ndi kuyendetsa malo ace lokha.

M'zaka zocepa linamanga milatho yaitali pa Smith Cove, nkhokwe yaikulu ya tirigu, ndi nyumba zozizira zosungiramo nsomba ndi maapulo a alimi. Pa denga la nyumba yace ya pa Bell Street linakonza bwalo lopumulirapo, kuti akazi ndi ana akwerepo kukaona zombo. Bwalolo silinakhalitse, koma lisonyeza maganizo a omangawo, akuti gombe liyenera kufikiridwa ndi munthu wamba.

Pano pali cinthu cimene muyenera kucimvetsa bwino. Bungwe la doko liribe zombo zonyamula katundu, ndipo siligula kapena kugulitsa katunduyo. Nchito yace ndi kusunga malo ndi kuwakonza, ndipo ogwiritsa nchito malowo alipira lendi. Oliyendetsa tsopano ali asanu, osankhidwa ndi anthu a King County zaka zinai zirizonse. Wosayendetsa bwino akhoza kucotsedwa pa masankho, cimene sicinali kutheka ndi mwini njanji wokhala kutali.

Khola la mabwato a asodzi

Imodzi mwa nchito zoyamba za bungwe inali kupezera asodzi malo. Mu January 1914 linatsegula Fishermen's Terminal pa Salmon Bay, kumpoto kwa mzinda. Tingawache malowa khola la mabwato, pakuti monga ng'ombe zibwerera m'khola madzulo, mabwato abwerera kuno nyengo ya usodzi ikatha. Pali milatho yopapatiza yolowa m'madzi, ndipo bwato liri lonse liri ndi malo ace omangirirapo. Pamtunda pali nyumba zosungiramo maukonde, bwalo lowasokerapo, ndi amisiri okonza mainjini.

Cokoma ca khola limeneli ndi madzi ace. M'nyanja ya mcere muli tizirombo tonga nyongolotsi timene tiboola matabwa monga ciswe cidya nsici, mulinso tinkhono tomamatira pansi pa bwato ndi kulilemetsa. Zonsezi zifa m'madzi opanda mcere. Pamene asodzi anayamba kumangirira pa Salmon Bay, madzi ace anali a mcere, koma boma la America linali kukumba ngalande yolumikiza Puget Sound ndi nyanja ziwiri za madzi abwino, Lake Union ndi Lake Washington. Pa khomo la ngalandeyo anamanga zipata za madzi, zimene zinatsegulidwa ndi mwambo mu 1917. Kuyambira pamenepo khola la asodzi liri kuseri kwa zipatazo, m'madzi opanda mcere, osadzala ndi osaphwa.

Zipata zimenezi zigwira nchito motere. Madzi a m'ngalande ali pamwamba kuposa a m'nyanja, nthawi zina mamita 2, nthawi zina kufikira mamita 8, monga mwa kudzala ndi kuphwa kwa nyanja. Bwato locokera kunyanja lilowa m'cipinda cacitali ca simenti, ndipo zitseko zazitsulo zitsekedwa kumbuyo kwace. Atsegula mipope ya pansi, madzi a kumtunda alowa m'cipindamo, bwato likwera pang'onopang'ono. Madzi akalingana ndi a m'ngalande, zitseko za kutsogolo zitseguka, bwato nkupitirira. Palibe makina okweza bwatolo. Madzi okha ndiwo alinyamula. Amene anakonza mapulani a zipatazi ndi Chittenden yemwe uja, akali pa nchito ya usilikali, ndipo lero zichedwa dzina lace. Ziyendetsedwa ndi mainjiniya a asilikali, osati ndi bungwe la doko ai.

Mwina muganiza kuti asodzi a pa Fishermen's Terminal aponya maukonde ao pafupi ndi mzinda. Ambiri satero. Apita ku Alaska, ndipo ena afika ku Bering Sea, ulendo wa ngati sabata lathunthu pa madzi, kukagwira salmon, nkhanu zazikulu ndi nsomba zina za m'madzi ozizira. Ambiri mwa asodzi oyamba anacokera ku Norway ndi maiko oyandikana nalo, anthu ozolowera cisanu. Nchitoyi ndi yoopsa. M'nyengo yozizira madzi owazika pa bwato aundana nasanduka ayezi, ndipo ayeziyo akaculuka bwato lilemera pamwamba, nkugubuduka. Munthu wogwera m'madzi otere sakhala moyo nthawi yaitali. Mu April 2001 bwato lochedwa Arctic Rose, la ku Seattle, linamira m'Bering Sea pamodzi ndi anthu ace onse 15. Pa khola la asodzi pali mwala wa cikumbutso umene unaimikidwa mu 1988, ndipo m'munsi mwace mwalembedwa maina oposa 600 a asodzi amene anatayika pa nyanja. Ambiri a iwo alibe manda. Abale ao adza kuno ndi maluwa, cifukwa pamwalapo ndi pamene angagwire dzina la munthu wao.

Cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mabwato a usodzi anacepa, ndipo malo ena m'kholamo anakhala opanda kanthu. Bungwe linalola kuti mabwato a anthu ongosangalala alowemo, kuti lipeze lendi. Asodzi ambiri anadandaula, poopa kuti anthu a cuma adzawakankhira kunja pang'onopang'ono, monga anacitira makampani a njanji kwa makolo ao. Cimene anagwirizana ncakuti msodzi akhale woyamba kupatsidwa malo. Mantha a asodziwo sanali acabe, pakuti malo a m'mphepete mwa madzi mumzinda wolemera akhumbidwa ndi omanga mahotela ndi nyumba zodula, ndipo akatengedwa kamodzi sabwereranso kwa osoka maukonde.

Mabwato osangalalira

Itatha Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, anthu wamba ambiri a ku Seattle anayamba kugula mabwato ang'onoang'ono a matanga kapena a injini, oyendera pa masiku opuma. Iwonso anasowa powasunga. Pa Shilshole Bay, kunja kwa zipata za madzi zija, mainjiniya a asilikali anaunjika miyala yaikulu m'nyanja, namanga linga lotalika kupitirira kilomita imodzi, lochinga mafunde. Kuseri kwa lingalo bungwe la doko linamanga khola lina, Shilshole Bay Marina, limene linatsegulidwa mu 1962. Muli malo a mabwato ngati 1,400. Popeza kuno madzi adzala ndi kuphwa, milatho yace ndi yoyandama: ikwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi, yogwidwa ndi nsanamira kuti isatengeke. Mwini bwato alipira mwezi ndi mwezi monga mwa utali wa bwato lace. Alipo mabanja mazana angapo amene akhala m'mabwato momwemo caka conse. Aphika momwemo, agona momwemo, ndipo ana ao acokera pa mlatho popita ku sukulu.

Wina angafunse kuti, kodi ncoyenera kuti bungwe la anthu onse lisamalire zosewera za anthu okhala ndi ndalama? Funsolo ndi labwino. Yankho lina ndi lakuti pa Shilshole pali njira yoyendamo m'mphepete mwa madzi ndi mlatho wowedzerapo nsomba, ndipo munthu aliyense afikapo kwaulere, angakhale alibe ndi nkhafi yomwe. Malowo akadakhala a munthu mmodzi, pakadakhala mpanda ndi mlonda. Pakati pa mzinda, pamene panali denga lopumulirapo lija, bungwe linatsegula khola lina laling'ono la mabwato a alendo mu 1996, ndipo pambali pace pakoceza zombo zazikulu zonyamula anthu okaona mapiri a ayezi ku Alaska.

Doko lopanda madzi

Tsopano tifika pa cinthu codabwitsa. Cuma cacikulu ca bungwe la doko la Seattle siciri m'madzi konse. Ciri pamtunda, ndico bwalo la ndeke.

Mu December 1941 Japan anaphulitsa zombo za America pa Pearl Harbor, ndipo America analowa m'nkhondo. Bwalo la ndeke limene Seattle anali nalo, Boeing Field, linadzaza ndi ndeke za nkhondo zopangidwa pa fakitale ya Boeing. Boma la America linalonjeza madola 1,000,000 kwa bungwe liri lonse la m'deralo limene likadabvomera kumanga bwalo lina la ndeke za anthu wamba. Ena anazengereza, koma mu 1942 bungwe la doko linabvomera. Panali malo awiri oganiziridwa. Ena anakonda Lake Sammamish, kummawa, popeza masiku amenewo kunali ndeke zazikulu zotera pa madzi. Koma a Tacoma anati adzaperekapo madola 100,000 ngati bwalolo limangidwa pa Bow Lake, pakati pa mizinda iwiriyo. Motero adani akale aja anagwirizana, ndipo bwalolo linachedwa Seattle-Tacoma, mwacidule Sea-Tac. Linatha kumangidwa mu 1944, ndipo nyumba yace yaikulu ya apaulendo inatsegulidwa mu July 1949. Dzinalo a Tacoma salisewera nalo. Mu 1983 akulu a doko analisintha pofuna kulemekeza Henry Jackson, phungu wochuka amene anali atangomwalira, koma a Tacoma anakwiya kotero kuti caka cotsatira dzina lakale linabwezedwa.

Nanga bungwe la zombo lidziwa ciani za ndeke? Mukaganiza bwino mudzaona kuti nchitoyo ndi imodzimodzi. Pa doko munthu kapena katundu atsika m'combo nakwera sitima kapena galimoto. Pa bwalo la ndeke atsika m'ndeke nacita cimodzimodzi. Ponse pawiri pafunika malo akulu, ndalama zokongola zobwezedwa pa zaka zambiri, ndi mwini malo wosakondera kampani imodzi. Monga bungwe liribe zombo, liribenso ndeke. Makampani a ndeke alipira potera ndi pobwereka zipata zokwererapo anthu. M'Cingelezi dzina lenileni la bwalo la ndeke litanthauza doko la mumlengalenga.

Mu 2019 anthu oposa 50,000,000 anadzera pa Sea-Tac, ndiko kuti oposa kawiri anthu onse a m'Zambia. Mu 2020, caka ca mliri wa Covid-19, anatsika kufika ngati 20,000,000, ndipo zombo za alendo a ku Alaska sizinayende konse. Mungaganize kuti m'zaka zabwino ndalama za bwalo la ndeke zithandiza asodzi, koma lamulo la America liletsa zimenezo: ndalama zopezeka pa bwalo la ndeke ziyenera kugwira nchito za pa bwalo pomwepo.

Bwaloli liri ndi anansi, ndipo iwo samva kukoma. Pamene linamangidwa, pa Bow Lake panali minda ndi nyumba zowerengeka. Pambuyo pace midzi inakula kuzungulira bwalolo, ndipo ndeke za jeti zinadza ndi phokoso logwedeza mazenera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 bungwe linagula nyumba zambiri zoyandikana ndi bwalo nkuzicotsa, ndipo zina linaziikira mazenera ochinga phokoso. Pamene linafuna kumanga mseu wacitatu woterapo ndeke, cifukwa nkhungu ndi mitambo zinali kucedwetsa maulendo, mizinda yaing'ono monga Burien ndi Des Moines inapita nalo ku makhoti zaka zambiri. Inadandaula za phokoso pa masukulu ndi za timitsinje tokhala nsomba. Inalephera kuletsa nchitoyo, koma inakakamiza bungwe kusamala timitsinjeto, ndipo pamalo pena linamanga cipupa cotalika ngati mamita 40 kuti dothi lisakwirire kamtsinje ka Miller Creek. Mseuwo unatsegulidwa mu November 2008, utadya madola oposa 1,000,000,000. Kwa munthu wa ku Burien, bungwe la anthu onse lija linaoneka ngati kampani ya njanji ya masiku akale.

Ndalama za anthu onse nazonso zifuna maso. Mu December 2007 woyang'anira mabuku a ndalama wa boma la Washington anatulutsa lipoti lonena kuti bungwe linaononga madola ngati 97,000,000 pa nchito zomanga cifukwa ca kusasamala. Nkhaniyo inalembedwa m'manyuzipepala, anthu olipira msonkho anafunsa mafunso, ndipo malamulo a kaperekedwe ka nchito anasinthidwa.

Mtsinje wa Duwamish

Tibwerere kwa eni dziko aja. Ngalande imene inapatsa asodzi madzi abwino inawatengera iwo mtsinje. Mu 1916, pamene inatsegulidwa, madzi a Lake Washington anatsika pafupifupi mamita 3, ndipo Black River, mtsinje umene unaturuka m'nyanjayo ndi kuthira mu Duwamish, unauma. M'mbali mwace munali midzi ya a Duwamish, ndipo mabwato ao anatsala pa matope. Mtsinje wa Duwamish weniweniwo unayamba kuongoledwa mu 1913 kuti zombo zilowemo. Makhwawa ace anakwiriridwa, ndipo mafakitale anamangidwa mbali zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri zonyansa za m'mafakitalemo zinathiridwa m'madzi. Mu 2001 boma la America linaika cigawo ca kunsi ca mtsinjewo pa mndandanda wa malo oipitsidwa koposa, ofunika kuyeretsedwa. Bungwe la doko, mzinda wa Seattle, King County ndi kampani ya Boeing ali pakati pa olipira nchitoyo. M'mphepete mwa mtsinje muli zikwangwani za zinenero zambiri zocenjeza anthu kuti asadye nkhanu ndi nsomba zokhala m'matope a pansi. Salmon yokha, imene ingopyola, ndiyo iloledwa.

M'zaka za m'ma 1970, pamene bungwe linali kukonza malo ochedwa Terminal 107 kuti limangepo, m'dothi munapezeka zigoba za nkhono, mafupa a nsomba ndi zida za mudzi wakale wa a Duwamish. Nchito yomanga inaimitsidwa, ndipo malowo anasanduka paki, ndiko kuti bwalo la mitengo ndi udzu lopumulirapo aliyense. Mu 2009 a Duwamish anatsegula nyumba yao ya misonkhano tsidya lina la mseu, moyang'anana ndi malowo. Mu 2020 bungwe linapempha anthu kuti asankhe maina atsopano a mapaki ace asanu ndi limodzi a m'mbali mwa mtsinjewo, amene ena anali kudziwika ndi manambala okha, ndipo angapo anapatsidwa maina a m'cinenero ca eni dziko, Lushootseed. Kufikira 2024 boma la America linali lisanabvomereze a Duwamish kuti ndi mtundu wokhala ndi ufulu wa pangano lija la 1855, ndipo mlandu wao unali ukali m'khoti.

Mafunso

1. Cifukwa ninji combo cacikulu sicingakoceze pa mcenga pa Seattle?

2. Chulani mphamvu zitatu zimene lamulo la 1911 linapatsa bungwe la doko. Ndi iti mwa izo imene ikadaopsa makampani a njanji koposa?

3. Jambulani cipata ca madzi, nimusonyeze m'mene bwato likwerera kucokera kunyanja kulowa m'ngalande.

4. Mudziyese msodzi wa pa Fishermen's Terminal, kapena mphunzitsi wa sukulu ya ku Burien. Lembani kalata yaifupi kwa akulu asanu a doko yofotokoza dandaulo lanu.

5. Funsani akulu a kwanu kuti ndani alamulira malo otungapo madzi, msika, kapena siteshoni ya mabasi ya kwanuko, ndi kuti munthu wodandaula apita kwa yani.